Mapulojekiti osiyidwa tiziwaika kuti, ndipo malowo tiwatche chiyani?

Nabanda:
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi kadandaulo, koma kumapeto kwake kuli funso. Kuntchito kwathu timagwiritsa ntchito pulogalamu ya bungwe la Apache yotchedwa Sqoop posamutsa data kuchoka mu database kupita ku Hadoop, pulogalamu yosungira data yochuluka. Anaiika anthu ena ine ndisanalembedwe ntchito, ndipo yakhala ikuyenda usiku uliwonse popanda woisuzumira. Sabata yatha tinasintha seva, iyo n'kuyamba kunyanyala. Ndinati ndione pa webusaiti yake ngati kuli version yatsopano. Pamwamba penipeni pa tsamba ndinapeza chikwangwani chonena kuti pulojekitiyi inapuma, ili ku Attic, malo amene bungwelo limaikako mapulojekiti opuma. Chiyambire 2021 abale! Version imene tili nayo, 1.4.7, ndi ya 2017, ndipo kulibenso ina ikubwera. Ndinangoti kukamwa yasa, kenako n'kuseka ndekha, poti zaka zonsezi takhala titatsamira khoma limene eni ake anatsazika kalekale.

Koma mtima utakhala pansi ndinaona kuti chikwangwanicho chinandipulumutsa. Sindinataye ngakhale ola limodzi kulembera imelo anthu oti kulibe. Tsiku lomwelo ndinakauza abwana kuti tiyambe kufunafuna njira ina. Apa m'pamene ndinakumbukira akaunti yathu ya gulu lino pa GitHub, webusaiti yosungirako code. Muli ma repo (mafoda a mapulojekiti) angati muja amene palibe wawakhudza chiyambire nthawi ya Covid? Mlendo akafika amaona ngati onse ali moyo. Bwanji nafenso tikhale ndi malo athu oikako mapulojekiti opuma? Ndipo tikakhala nawo, tiwatche chiyani m'chinenero chathu?

Kamwana_ka_Python:
Achemwali mwandikhudza pachilonda. Ine ndinagwa m'mbuna imeneyi chaka chatha. Pa pulojekiti yanga yomaliza kusukulu ndinatenga ka library (code yolembedwa kale yoti ena azigwiritsa ntchito) ka ma SMS kamene kali mu akaunti yathuyo. README yake (tsamba lofotokoza kagwiritsidwe ntchito) yokongola, zitsanzo zilipo, ndinati basi ndaphula. Masabata awiri athunthu ndikulimbana nako, uthenga osapita. Ndinatsegula issue, ndiye kuti dandaulo pa repo yake, zii. Ndinalembanso, zii. Tsiku lina ndinakumana ndi mwini wake pa ukwati wa msuweni wanga, tili pa mzere wa chakudya mbale zili m'manja, ndinawafunsa. Iwo akutapa mpunga amvekere, "Aaa kaja? Ndinakasiya kalekale mphwanga, a ma SMS aja anasintha API yawo, njira yolumikizirana nawo ija." Mpunga sunandikomere tsiku limenelo.

WakuChipata:
Pepani mwaiche, koma ndaseka mpaka misozi.

Jere_wa_ku_Joni:
Nkhani yosavuta iyi. Chakufa n'chakufa. Dinani delete, m'nyumba muyere. Malo apadera a chiyani, tikufuna kumanga museum?

aChisale:
Ayi a Jere, delete yokhayo ayi. Mwaiwala za left-pad? Mu March 2016 munthu mmodzi anachotsa ma package ake pa npm, malo amene anthu a JavaScript amatengako code, limodzi ndi kakang'ono kamizere 11 kotchedwa left-pad. Mapulojekiti ambirimbiri, ndi chida chotchuka cha Babel chomwe, anasiya kumangika tsiku limenelo, mpaka a npm anachita kukabwezeretsa okha. Chinthu ukachitulutsa poyera sudziwa amene wachitola. Ka library ka ma SMS kaja mwina pali wina anakakonza pa kompyuta yake ndipo akukadalira mpaka lero.

Ndiloleni ndifotokoze m'mene a Apache amachitira, poti ndi zimene a Nabanda akumana nazo, ndipo ine ndazitsatira nthawi yaitali. Bungwe la Apache Software Foundation linayamba mu 1999. Mu 2002 anakhazikitsa Incubator, khomo lolowera mapulojekiti atsopano. Koma khomo lotulukira kunalibe. Pulojekiti ikazirala inkangokhala pompo, webusaiti ili chilili ngati zonse zili bwino. Mu November 2008 ndi pamene bodi inakhazikitsa Attic.

Chimene anthu ambiri samvetsa n'chakuti iwo sayang'ana code, amayang'ana anthu. Pulojekiti iliyonse ili ndi komiti yake, amaitcha PMC, ndipo komitiyo imapereka lipoti ku bodi miyezi itatu iliyonse. Kuti atulutse version yatsopano pamafunika mavoti ovomereza osachepera atatu a mamembala a komitiyo. Ndiye ngati atsala anthu awiri, kaya mmodzi, ngakhale wina atapeza bowo loopsa la chitetezo, palibe amene angatulutse chigamba movomerezeka. Mutu umodzi susenza denga, iwo anachita kuika m'malamulo. Malipoti akasiya kubwera bodi imafunsa pa mndandanda wa maimelo kuti kodi alipo atatu amene akuyang'anirabe? Akasowa, kapena komiti ikavota yokha kuti tatopa, bodi imathetsa komitiyo n'kupereka katundu yense ku Attic.

Ndipo a ku Attic saloledwa kukonza kanthu kapena kutulutsa version. Ntchito yawo ndi yotseka bwino basi. Repo amaisiya yongowerenga. Mindandanda ya maimelo amaitseka koma makalata akale onse amakhalapo. Kolembera ma bug amatsekako. Mafayilo otsitsa amasamukira ku archive.apache.org. Pa webusaiti amapachika chikwangwani chimene a Nabanda anaonacho, n'kulengeza kwa anthu onse. Palibe chimene chimatayidwa.

Jere_wa_ku_Joni:
Chabwino madala, delete ndabweza. Koma ndiye ndi manda amenewo, kungoti osesedwa bwino. Tiwatche Manda basi, aliyense amva.

Nangozo:
Manda ayi chonde. Ine si wa code kwenikweni, ndimathandiza kumasulira mapulogalamu, koma pa mawu pokha ndilankhulapo. Kumanda kuno kwathu munthu supitako wekha, umachita kupempha kwa amfumu, ndipo chimene chapita kumeneko sichibwerako. Ukakafukula kanthu kumanda anthu akutcha dzina lina lija. Tikufuna kuti mwana ngati Kamwana_ka_Python azichita mantha kutsegula code yakale n'kuphunziramo? Komanso ganizirani mwini wake. Munthu anagona mochedwa miyezi ingapo akulemba chinthu chaulere, inu n'kumuuza kuti ntchito yanu taiika m'manda. Sadzabweretsanso kanthu pa gulu pano.

Azungu aja posankha dzina lawo anaganiza. Attic ndi kachipinda ka pansi pa denga, kumene amaikako chikuku cha mwana amene anakula, masutikesi, zithunzi za agogo. Sataya, koma sagwiritsanso ntchito, ndipo ukafuna umakwera makwerero n'kukatenga. Vuto n'lakuti nyumba zathu zambiri zilibe kachipinda kotero. Tikati "ku siling'i" anthu aganiza za makoswe ndi mawaya a magetsi.

aChisale:
Dzinalo lilinso ndi mbiri ina kwa ife okalamba. Git isanabwere, ngakhale Subversion isanabwere, tinkasunga code mu CVS. Ukachotsa fayilo mu CVS sinkafafanizika, inkasamukira mu foda ina pa seva yotchedwa Attic, kuti mbiri yake isatayike. Ndiye munthu aliyense amene anagwirapo CVS atamva dzinali sanafunikire kumufotokozera. A OpenStack nawonso pa nthawi ina anali ndi malo awo pa GitHub otchedwa openstack-attic. Makampani akuluakulu anangosankha mawu ozizira, facebookarchive, googlearchive. A Apache Commons, amene ali ndi tizigawo tambirimbiri, tawo togona amati Dormant.

aMbewe_admin:
Nanga Nkhokwe? Ndi mawu athu enieni, aliyense amawadziwa, ndipo ndi aulemu.

Nangozo:
Nkhokwe ndi yokoma kumva koma ikunama. M'nkhokwe mumakhala chimanga chimene banja likudya chaka chino. Mlendo akaona mawu akuti Nkhokwe aganiza kuti umu ndiye muli zabwino zosankhika, atape. Ndiye tabwereranso pa mpunga wa ku ukwati uja.

Kamwana_ka_Python:
Musandikumbutse anti.

WakuChipata:
Dzala bwanji? Kwathu zonse zotha ntchito zipita kudzala, ndipo nkhuku zimapezako ndithu kanthu.

Nabanda:
Inu a ku Chipata, tikufuna anthu azipereka okha mapulojekiti awo mosachita manyazi, inu mukuti kudzala!

Nangozo:
Ine ndili ndi mawu atatu, muwayese. Loyamba Bwinja. Pabwinja m'pamene panali mudzi anthu n'kusamuka. Umapezapo mitengo ya mango, mapale, maziko a nyumba, nthawi zina maungu omera okha. Chilichonse chikuonetsa kuti pano panali anthu, komanso kuti pano palibe anthu. Palibe amene amafika pabwinja n'kuyamba kuodira. Lachiwiri Nsanja, ija ya m'khitchini pamwamba pa moto, pamene amayi amaikapo chimanga cha mbewu kuti utsi uzichiteteza ku anankafumbwe. Ili ndiye layandikana kwambiri ndi Attic, poti ndi pamwamba ndipo umachita kutambasula dzanja. Lachitatu Tsala, munda umene unalimidwapo koma augoneka. Mizere imaonekabe pansi pa udzu. Mwini wake alipo, malire akudziwika, ndipo munthu wakhasu lake akhoza kukapempha n'kuutsegulanso.

Mtima wanga uli pa Tsala. Bwinja lili ndi kachisoni, ndipo kawirikawiri anthu sabwereranso. Nsanja ikulonjeza kuti mbewuyi tidzadzala dzinja likubwerali, pamene ife sitikulonjeza kanthu. Tsala likunena zoona zokhazokha: pano palibe akulima, ukalowa usayembekezere kukolola, koma nthaka ilipo.

Jere_wa_ku_Joni:
Ana obadwira ku Area 25 ndi ku Ndirande alidziwa liwu limeneli? Ena aziwerenga ngati "tsala bwino".

Nangozo:
Akatero sanalakwitsenso kwambiri, pulojekitiyo yatsaladi. Ndipo chiganizo chimodzi pansi pa dzinalo chikwanira kuwaphunzitsa.

aMbewe_admin:
Funso langa kwa a Chisale. Zoti munthu akhoza kutsegulanso tsala, ku Apache zinachitikapo, kapena ndi mawu ongotonthoza nawo anamfedwa?

aChisale:
Zinachitikapo, ngakhale si kawirikawiri. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi XMLBeans. Inalowa ku Attic mu 2013. Koma Apache POI, library imene anthu a Java amawerengera ndi kulembera mafayilo a Excel ndi Word, inkaidalira kwambiri pa mafayilo a xlsx ndi docx. Anthu a POI anakhala zaka akuzemba ma bug a chinthu chimene panalibe woti achikonze. Mu 2018 anangoti basi, tiitenge ife. Inatuluka ku Attic n'kukhala pansi pa komiti ya POI, ma version atsopano n'kuyambanso kutuluka. Winanso ndi Ambari, yoyendetsera ma cluster a Hadoop. Inalowa kumayambiriro kwa 2022, anthu amene ankaidalira anadzidzimuka, anasonkhana, ndipo chaka chomwecho bodi inakhazikitsanso komiti yake.

Njira zotulukira zilipo zingapo. Komiti ina imene ilipo kale ikhoza kuitenga, ngati XMLBeans. Anthu atsopano akhoza kukayambiranso ku Incubator, kapena bodi kukhazikitsanso komiti. Apo ayi aliyense akhoza kuchita fork, ndiye kuti kukopera code yonse, n'kukapitiriza kwina, laisensi imalola, koma dzina asinthe chifukwa dzinalo ndi la bungwe. Za dzinazi muone iBATIS. Mu 2010 amene ankailemba anasamuka ku Apache n'kukapitiriza ntchito yawo pa Google Code pansi pa dzina lakuti MyBatis. iBATIS inapita ku Attic, MyBatis ilipo mpaka lero ndipo anthu akuigwiritsa ntchito kwambiri. Apa munda sunagone n'komwe, alimi anangosamukira kutsidya ndi mbewu zawo.

Koma zambiri zikalowa zimakhala komweko, tisanamizane. Harmony, imene inali Java ya Apache, inalowa mu 2011 kampani ya IBM itasamukira ku OpenJDK, Java ina ya poyera, chaka cha 2010. Sinabwerenso. Chodabwitsa n'chakuti ma library ake anapitiriza kuyenda m'mafoni a Android kwa zaka zingapo pambuyo pake, mpaka Google inasinthira ku OpenJDK pa Android Nougat mu 2016. Anthu mamiliyoni anali ndi code ya ku Attic m'thumba osadziwa.

Tembo_Zomba:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule, chifukwa ndikudziwa kuti mwa ma repo mukunenawo muli yanga. Ija yosintha manambala kukhala mawu a Chichewa, yolembera ndalama pa risiti. Zoona, sindinaikhudze zaka zitatu. Koma ndiikhudze chifukwa chiyani? Manambala asintha? Zikwi ziwiri zasanduka china? Inatha, ikugwira ntchito, ndipo ndimaigwiritsa ntchito ndekha mwezi uliwonse. Mukandiuza kuti chifukwa palibe commit (kusintha kwa code) yatsopano ndiye ipite ku tsala, kaya kudzala kwa a ku Chipata, ine ndiitenga n'kukaiika pa akaunti yanga. Si chilichonse chokhala chete chimene chili chakufa.

Nabanda:
A Tembo musakwiye, mfundo yanu ndi yoona ndipo ine sindinaiganizire. Ndinangoyang'ana madeti.

aChisale:
A Tembo alasa pamene pali nkhani. N'chifukwa chake ndinati a Apache sawerenga ma commit. Kuli mapulojekiti kumeneko amene amatha chaka osasintha kanthu, koma lipoti likubwera, ndipo bodi ikaitana anthu atatu amayankha kuti tilipo. Amenewo sawakhudza. Funso si lakuti munalima liti, koma lakuti mbuzi zikalowa m'mundamo alipo woti akazithamangitse? Ngati wina atsegula issue pa repo yanu mawa, muyankha?

Tembo_Zomba:
Ndiyankha. Mwina osati tsiku lomwelo, koma ndiyankha.

aChisale:
Ndiye yanu si tsala. Mungolemba pamwamba pa README kuti pulogalamuyi inakwanira, sitikuwonjezera zatsopano, koma zolakwika timakonza. Mawu awiri okhawo apulumutsa anthu ambiri.

Ndipo kufunsa kokhako nthawi zina kumadzutsa anthu. Mu September 2016 wapampando wa komiti ya Apache OpenOffice (mapulogalamu a ntchito za mu ofesi), Dennis Hamilton, analemba poyera kuti anthu okonza code achepa kwambiri moti ndi bwino kuyamba kukambirana m'mene pulojekitiyo ingapumire. Nkhani inafala m'manyuzipepala a zaukadaulo, anthu anakangana, ena anadzipereka. OpenOffice sinapite ku Attic. Kaya zinali bwino kaya ayi, poti ambiri anali atapita kale ku LibreOffice imene inapatuka mu 2010, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Jere_wa_ku_Joni:
Ya tsiku lina ndithu, tingagone pano. Ine ndibwerere ku mbali imene ikundidetsa nkhawa, yotsegulanso tsalayo. Mwaikongoletsa kwambiri. Munthu wakhasu lake abwere adzapemphe, eti? Munthu wake uti? Mukukumbuka xz? Kachida kopanikizira mafayilo kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Mwini wake, Lasse Collin, anali yekha ndipo anali atatopa. Kunabwera wina wodzitcha Jia Tan, waulemu, wakhama, akutumiza zigamba zabwinobwino kwa zaka ziwiri, maakaunti ena akukakamiza mwini wakeyo kuti bwanji osapatsa ena mpata. Anamupatsa makiyi. Mu version 5.6.0 ndi 5.6.1 munthu uja anabisamo khomo lakuseri lolowera m'makompyuta kudzera pa ssh, njira yolowera m'kompyuta uli kutali. Linagwidwa mwamwayi mu March 2024, katswiri wina, Andres Freund, ataona kuti kulowa pa ssh kukuchedwa ndi theka la sekondi n'kuyamba kufufuza. Theka la sekondi! Zisanachitike izi, mu 2018, mwini wa event-stream pa npm anapereka package yake kwa munthu wosamudziwa amene anangopempha, uyo n'kuikamo code yobera anthu Bitcoin.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti kalumoko akameta nako ndani. Ndiye lamulo langa ndi ili: amene akufuna kutsegula tsala achite fork pa akaunti yake, ndi dzina lina, alime kumeneko tione. Makiyi a repo yakale, ndi dzina lakale pa npm kaya PyPI (mnzake wa npm wa anthu a Python), zisaperekedwe kwa munthu amene gulu silikumudziwa maso ndi maso.

Nangozo:
Ngakhale kumudzi tsala sulowa chilowerelowere. Umapita kwa mwini, mwini akakuperekeza kwa amfumu, pakhale mboni. Dzinali likubwera ndi malamulo ake kale.

WakuChipata:
Anti awa akuchita kampeni mochenjera.

Kamwana_ka_Python:
Koma zikatero ife ongoyamba kumene sitidzapatsidwa mpata. Ine ka library ka ma SMS kaja ndinakakonza pamapeto pake, kakuyenda pa laptop yanga. Ndiye ndikasunge ndekha chifukwa sindikudziwika?

Jere_wa_ku_Joni:
Iwe tikukudziwa mphwanga, mpaka tikudziwa kuti sunamalize mpunga. Ndikunena akaunti yongotulukira, chithunzi cha mphaka, yolembetsedwa dzulo.

aChisale:
Pali njira yapakati imene a Debian, opanga mtundu wina wa Linux, amatsata, ndipo ingatithandize. Iwo amasiyanitsa zinthu ziwiri. Wosamalira package akaona kuti watopa koma akadalipo, amalengeza kuti ndikufuna wina aitenge, ndipo amapitiriza kuigwirizira mpaka wina apezeke. Akachokeratu, package imalembedwa kuti ndi yamasiye, n'kukhala m'manja mwa gulu lawo la QA, loonetsetsa kuti ma package ali bwino, kufikira wina aitole. Ubwino wa njira yoyambayo ndi woti mwini wake amakhala ndi nthawi yoyenda limodzi ndi wolowa m'malo, kuona ntchito yake, asanamusiyire makiyi. Vuto lathu ife ndi manyazi. Munthu safuna kunena kuti ndalephera kupitiriza, amangozimiririka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa imafa ndi pulojekiti yomwe.

Nabanda:
Kamwana, lembera mwini wake uja umuuze kuti unakakonza. Akavomera pano pa gulu, tonse tikuona, utenge. Ukatero ka SMS sikapitanso ku tsala n'komwe.

aMbewe_admin:
Tsopano za kachitidwe. Ine ndimaganiza kuti titsegule akaunti yachiwiri pa GitHub ya dzina limene tisankhelo, n'kusamutsira ma repo onse opuma kumeneko, kuti akaunti yaikulu iyere.

Jere_wa_ku_Joni:
Kusamutsa ndikukayika nako. GitHub imalondolera anthu kuchoka pa adiresi yakale kupita pa yatsopano, zoona, koma tsiku limene wina adzatsegule repo ina ya dzina lomwelo pamalo akalewo, kulondolerako kumatha. Amene script yake imakoka code pa adiresi yakale adzayamba kukoka chinthu china osadziwa. Chiyambire 2017 GitHub ili ndi batani la archive. Ukadina, repo imakhala yongowerenga, ma issue ndi ma pull request amatsekeka, pamwamba pamabwera chikwangwani, koma adiresi siisintha ndipo fork imathekabe. Mwini akafuna akhoza kubweza. Tisiye chilichonse pamalo pake, tidine batanilo, ndipo Tsala likhale tsamba limodzi lokhala ndi mndandanda: dzina, inkachita chiyani, inapuma liti, chifukwa chake, ndipo ngati chilipo china chimene anthu angagwiritse ntchito m'malo mwake.

Taonani ndanena kuti Tsala osazindikira. Anti mwapambana.

aChisale:
Ndikugwirizana ndi a Jere. Ngakhale ku Apache webusaiti ya pulojekiti imakhala pa adiresi yake yomweyo, amangoipachika chikwangwani. N'chifukwa chake a Nabanda anachipeza mosavuta. Chimodzi chokha: musanadine batanilo, konzani README kaye, chifukwa mukadina simungathenso kulemba. Ndipo mawu a pamwambawo akhale m'Chichewa ndi m'Chingerezi, osazungulira. Munene kuti palibe akuyang'anira, ngakhale mabowo a chitetezo sadzakonzedwa.

Koma musaganize kuti chikwangwani chimachotsa chinthu m'makompyuta a anthu. Log4j 1, library ya Java yolembera zochitika za pulogalamu, analengeza kuti yatha mu August 2015, version yake yomaliza inali ya 2012. Pamene dziko lonse linagwedezeka ndi bowo la Log4Shell mu December 2021, limene linali la Log4j 2, makampani atayamba kufufuza m'makina awo anapeza Log4j 1 ili mbwee, nayonso ili ndi mabowo ake osatseka. Mpaka amene anaiyambitsa, Ceki Gülcü, anachita fork n'kuitcha reload4j kumayambiriro kwa 2022 kuti atseke mabowowo. Zaka zoposa 6 chilengezereni, anthu anali akudyabe za m'munda wogona.

Nabanda:
Musaloze patali madala, ine ndi Sqoop yanga ndili pompano.

WakuChipata:
Funso la munthu wosadziwa. Nanga GitHub yeniyeniyo ikadzatseka? Tsala lathu lidzapita nayo?

aChisale:
Si funso lopusa. Google Code, kumene MyBatis inathawira kuja, inatsekedwa mu 2016, iwo anali atasamukira kale ku GitHub. CodePlex ya Microsoft inatsekedwa mu 2017. Bitbucket inachotsa ma repo onse a Mercurial, chida china chonga Git, mu 2020. Kuli bungwe la Software Heritage, limene linayambitsidwa ndi bungwe la kafukufuku la Inria ku France n'kutsegulidwa mu 2016, ntchito yake ndi kukopera ndi kusunga code yonse ya poyera, ndipo linapulumutsa zambiri za ku Bitbucket zija. Pa webusaiti yawo pali poti umaika adiresi ya repo n'kupempha kuti aisunge, kwaulere. Tizichita zimenezo pa repo iliyonse tisanaitseke. GitHub nayo mu February 2020 inakopera ma repo a poyera amene anali amoyo n'kuwajambula pa filimu, n'kukawasunga mu mgodi wakale wa malasha ku Svalbard, kufupi ndi kumpoto kwenikweni kwa dziko. Mwina ya a Tembo ili kumeneko, ikuzizidwa.

Tembo_Zomba:
Ikapezeka kumeneko ndiye mundipatse ulemu wanga.

aMbewe_admin:
Ndisonkhanitse zimene ndamva, mundikonze. Kamodzi pa chaka tizifunsa mwini wa repo iliyonse, pa issue ndi pano pa gulu, ngati akadayankhabe. Tidikire miyezi itatu. Akayankha, ngati a Tembo, palibe chochitika. Akanena yekha kuti watopa, tilengeze kuti ikufuna woitenga. Kukakhala zii, ma admin atatu agwirizane, tikonze README, titumize ku Software Heritage, tidine archive, tilembe pa tsamba. Wofuna kutsegulanso apemphe poyera. Pa dzina ndaika kavoti pamwambapa: Tsala, Bwinja, Nsanja, Nkhokwe. Dzala sindinaliike, a ku Chipata akadandaule kwa amfumu.

Nangozo:
Miyezi itatu isagwere nthawi ya mayeso kapena ya Khirisimasi, ambiri mwa eni ma repo ndi ana a sukulu.

Jere_wa_ku_Joni:
Ma admin atatu mwati? Tili nawo atatu?

aMbewe_admin:
Pa gulu la macheza lino tilipo anayi. Pa GitHub ndapita kukaona tsopano lino. Ine ndili ngati member wamba, batani la archive silikundionekera n'komwe. Owner ndi mmodzi yekha, achimwene aja anatsegula akauntiyi pachiyambi, amene anapita kukaphunzira kunja.

Nabanda:
Aja anasiya kulankhula pano chaka chatha? Nambala yawo ija sikugwiranso, ndinayesa pa nkhani ina.

Kamwana_ka_Python:
Ndiye akaunti yonseyo ndi tsala?

WakuChipata:
Ine ndavotera Bwinja.

aMbewe_admin:
Musaseke, nkhani yavuta apa. Ndawatumizira imelo pa adiresi imene ili pa ma commit awo akale. Amene ali ndi nambala yawo yatsopano, kaya ya mchemwali wawo uja ankabwera nawo ku maphunziro a Loweruka, andiponyere ku inbox.